Wofunsa Asanduka Wofunsidwa

Abale athu a ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo, inu amene mumasonkhana madzulo kupenya wailesi ya kanema, kodi munalingalirapo kumene amamuka anthu aja akaleka kuoneka pa galasi?

Tamverani za Bambo Brian Banda. Pa Times TV anali munthu wa mafunso olasa, ndipo akuluakulu a ndale ankatuluka thukuta pamaso pao. M'chaka cha 2020 Pulezidenti Lazarus Chakwera anawaitana kuti akhale mneneri wao ku nyumba ya boma, konkuno ku Lilongwe. Pamenepo wofunsa uja anasanduka wofunsidwa, nayamba kuyankha anzake a dzulo. Ife tidadandaula pang'ono, pakuti mlenje akalowa m'khola, adzatisakira ndani? Koma sanakhalitseko: mu 2021 anachokako, ndipo pambuyo pake tinawaonanso pa Times, alikufunsa monga kale.

Bambo Gospel Kazako, amene anayambira pa wailesi ya MBC nakhazikitsa Zodiak mu 2005, anapitirira apo. Anakhala nduna yofalitsa nkhani kuyambira 2020 kufikira Januwale 2023, pamene dzina lao silinamvekenso pa mndandanda wa nduna.