Njira ya Mkuwa: Nchito ya Wofufuza Malonda ndi Ndale za Maiko

Wophunzira wa geography amene afuna digiri ya udokotala pa nkhani ya malonda a pakati pa maiko amayamba ndi funso ili: n'cifukwa ninji katundu amadzera njira iyi, kusiya ija? Mapu okha sangamuyankhe. Titenge citsanzo ca mkuwa wa Zambia, dziko lopanda doko.

Kale mkuwa unali kudzera ku Rhodesia kupita ku Beira. Boma la Ian Smith litadzipatsa ufulu mu 1965, njirayo inakhala yokayikitsa, ndipo mu 1973 malire anatsekedwa. Njanji ya Benguela, yopita ku Lobito, inaima mu 1975 cifukwa ca nkhondo ya ku Angola. M'caka comweco anatsiriza kuyala njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, ndi ngongole ya China.

Motero wofufuzayo ayenera kuwerenga zikalata za boma, kuyerekeza mitengo yonyamulira katundu, ndi kufunsa anchito a pa njanji ndi pa malire. Akatero amaona kuti ndale zimatalikitsa doko, ngakhale makilomita asasinthe. Funso lija silinathe: mu 2023 America ndi European Union anagwirizana kucirikiza njira ya Lobito.