Wailesi ya agogo ikasasa mawu

Wailesi yakale sifa tsiku limodzi. Imayamba yasasa mawu. Muulutsi akakweza liwu, pansi pake pamamveka kukhwekhwereza, ndipo nyimbo ikafika pa ng'oma mawu onse amang'ambika. Mwini wake amayesa kuti miyala yatha, n'kugula ina, koma vuto lili pomwepo. Kenako amazolowera kuimenya pambali ndi chikhatho kuti ilankhule bwino kwa kanthawi. Akatopa nayo amaikweza pamwamba pa kabati kapena kuikankhira kunsi kwa bedi, n'kuuza ana kuti idapsa. M'midzi ya ku Chinguluwe, m'boma la Salima, mawailesi oterewa sasowa m'nyumba za achikulire, ndipo ambiri mwa iwo sadapse ayi. Chodwala ndi sipika, chiwalo chomwe mmisiri wodekha angachichize ndi pepala, guluu ndi zala zake.

Chinguluwe ndi dera la thonje. Sikimu ya ulimi ya kuno idakhazikitsidwa m'nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda, pomwe boma, mothandizidwa ndi dziko la West Germany, lidayamba ntchito yotukula ulimi m'mbali mwa nyanja ku Salima chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mlimi akagulitsa thonje lake ku Farmers Marketing Board, yomwe mu 1971 idasanduka ADMARC, maso ake amakhala pa njinga, malata ndi wailesi. Ambiri ankagula ya Nzeru, yolumikizidwa ku Blantyre ndi kampani ya Nzeru Radio Company. Ena idawapeza kudzera kwa achibale ogwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Rhodesia, omwe ankabwera ndi Supersonic yopangidwa ku Bulawayo. Enanso adaitenga ku Joni paulendo wa Wenela wokagwira ntchito m'migodi, ulendo womwe Kamuzu adauimitsa ndege itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo. Choncho bokosi lomwe lero likudya fumbi pakona lidagulidwa ndi thukuta lodziwika: la m'munda wa thonje kapena la pansi pa mgodi. Ndi pomwepo banja linkamvera O Phiri akulangiza za ulimi, sewero la Kapalepale, komanso mauthenga achisoni, omwe aliyense ankawamvera mtima uli m'mwamba kuopa kumva dzina la kwawo.

Kholo la mawailesi onsewa ndi Saucepan Special, yomwe idatuluka mu 1949. Mkulu wofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, Harry Franklin, ankafuna wailesi yotsika mtengo yoti anthu akuda azimvera Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka, yomwe inkaulutsa m'Chinyanja ndi zilankhulo zina mpaka kuno ku Nyasaland. Kampani ya Ever Ready ya ku Britain idavomera, ndipo idaika zipangizo zonse m'chibekete chozungulira cha aluminiyamu chopangidwa pa chikombole cha poto wophikira. Wailesiyo idapakidwa utoto wobiriwira wa mtambo, inkagulidwa mapaundi 5, batire lake lalikulu n'kukhala la mashereni 25. M'menemo ndi momwe makolo athu adamvera mawu a muulutsi ndi woimba Alick Nkhata zaka zambiri MBC isanabadwe mu 1964. Okonza wailesiyo adatseka mabowo ake ndi kasefa kuti tizilombo tisalowe, zomwe zikusonyeza kuti ankamudziwa bwino mdani wa sipika m'dziko lotentha.

Kapangidwe ka sipika sikadasinthe kwenikweni kuchokera pomwe Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric ku America adakalongosola mu 1925. Pali pepala lokhuthala lozungulira, lakuya pakati, lomatidwa m'mphepete pa felemu yachitsulo. Kumsonga kwake kuli koyilo, waya wakopa woonda kwambiri wokulungidwa pa kachubu kapepala. Koyiloyo imalendewera m'kampata kopapatiza pakati pa maginito, osakhudza mbali iliyonse. Magetsi onyamula mawu akadutsa m'wayamo, maginito amakankha ndi kukoka koyilo, koyilo n'kugwedeza pepala, pepala n'kugwedeza mpweya. Pepalalo lili ngati chikopa cha ng'oma: likaboola kapena kulefuka, woimba angakhale katswiri chotani, kulira kwake sikukoma.

Nyengo ya ku Salima siichitira chifundo sipika. M'dzinja pepala limamwa chinyontho n'kulefuka mbali imodzi, koyilo n'kuyamba kukhuza maginito. Dzuwa la mu October likafika, guluu wakale amauma n'kuyamba kutekeseka. Mphemvu zimakonda kufunda kwa m'kati mwa wailesi ndipo zimadya pepala ndi guluu yemwe. Makoswe amabenthula m'mphepete, mavu omanga ndi dothi amamanga nyumba yawo kumbuyo kwa pepala, chiswe n'kumaliza bokosi ngati lili lathabwa. Palinso chizolowezi chathu chosiya miyala yakutha m'wailesi, kapena kuiyanika padzuwa kuti ibwerere mphamvu n'kuibwezeramo. Miyala yotere imatuluka madzi owononga chitsulo, dzimbiri n'kuyamba, ndipo tizidutswa ta dzimbirilo timakokedwa ndi maginito kulowa m'kampata ka koyilo. Kukhwekhwereza kuja nthawi zambiri kumachokera pamenepa.

Mmisiri wodziwa ntchito yake sathamangira guluu. Amayamba wamasula mawaya awiri a sipika n'kuwagunditsa pa mwala umodzi wa tochi wa mavoti 1.5. Pepala likadumpha n'kumveka kuti thi, koyilo ili moyo. Likangoti zii, amatenga mita: sipika ya wailesi yotere imaonetsa maomu ochepa, kawirikawiri pakati pa 3 ndi 8, ndipo muvi ukapanda kusuntha ndiye kuti waya waduka penapake. Apa mpomwe masipika ambiri amaweruzidwa molakwa. Nthawi zambiri chomwe chaduka si koyilo, koma timawaya tiwiri tofewa tolukidwa tomwe timachoka pa felemu kupita pa pepala. Timatopa ndi kugwedezeka kwa zaka makumi angapo, ndipo kutilumikiza ndi ntchito ya mphindi zochepa. Akatero mmisiri amayala zala mozungulira pakati pa pepala, n'kukankha pang'onopang'ono, khutu ali nalo pafupi. Ngati pepala likulowa ndi kutuluka mwakachetechete, kampata n'koyera. Ngati pakumveka kukanda, ntchito yakula.

Kumata pepala long'ambika kumaoneka kophweka, n'chifukwa chake ndi pomwe masipika ambiri amafera m'manja mwa eni ake. Wina amamata ndi selotepi, yomwe imamatuka kukatentha. Wina amathirapo guluu wouma msanga uja wa m'timachubu ting'onoting'ono, yemwe amalowerera m'pepala n'kuliumitsa gwa, ndipo malo oumawo amalira paokha nthawi iliyonse wailesi ikalankhula. Chofunika ndi guluu woyera wa akalipentala, wosungunulidwa ndi madzi pang'ono, ndi pepala lopyapyala koma la ulusi wolimba. Pepala la tiibagi lochapidwa ndi kuumitsidwa limagwira bwino ntchitoyi. Mmisiri amaling'amba ndi zala m'tizidutswa tating'ono, osadula ndi sizasi, kuti m'mphepete mwake mukhale manyenje olowerera bwino. Amakumanitsa milomo ya chilondacho, kupaka guluu ndi nthenga ya nkhuku, kuyala kachidutswa kumbuyo, n'kusalaza mpaka kataoneka ngati kadabadwira pomwepo. Guluu akachuluka pepala limalemera mbali imodzi ndipo mawu opyapyala amasowa. M'mphepete mwenimweni, momwe pepala limapindika likamagwedezeka, mumafuna guluu wosauma gwa, ndipo kuno wopezeka msanga ndi womatira machubu a njinga, wopakidwa mopyapyala kwambiri.

Kutsuka kampata ka koyilo ndiye kumayesa mtima wa munthu. Amayamba wamatula kachivindikiro ka pakati pa pepala. Kenako amadula kakhadi kopyapyala, kukakulunga ndi tepi yapepala mbali yomata ili kunja, n'kukalowetsa m'kampatako mozungulira. Tepi ikatuluka imakhala yakuda ndi tizitsulo ndi fumbi. Amasintha ina, kubwereza, mpaka itatuluka yoyera. Kupemerera ndi pakamwa sikuthandiza, poti maginito sataya chomwe agwira, ndipo mpweya wa m'kamwa umangowonjezera chinyontho. Achinyamata ena amafulumira kumasula maginito kuti atsuke bwino. Asatero. Masipika akale ambiri ali ndi maginito a mtundu wa alnico, omwe amataya ina mwa mphamvu yawo akachotsedwa m'chitsulo chowazungulira, ndipo kubwezera chitsulo cha pakati pamalo pake enieni popanda zida za kufakitale n'kovuta zedi.

Koyilo ikakhala kuti yapendekeka, mmisiri amafewetsa guluu wa kansalu kamakwinya komwe kamaigwira kumbuyo, n'kulowetsa timizere titatu kapena tinayi ta filimu yakale ya ekisire pakati pa koyilo ndi chitsulo cha pakati, motalikirana mofanana. Timizereto timagwira koyilo pakatikati pomwe guluu watsopano akuuma. Sipika imagona choncho usiku wonse, chagada, pamalo opanda fumbi. Wofulumira kutizula madzulo omwewo amapeza m'mawa koyilo itabwerera pomwe idali.

Ikakhala kuti koyilo idapsadi, mpomwe amisiri amasiyanirana. Waya wakale amamasulidwa mosamala uku akuwerenga mizungulo yake, chifukwa nambala yomweyo ndiyo iyenera kubwerera. Waya watsopano wa kunenepa kofanana amachokera m'katharansifoma ka wailesi ina yakufa. Amakulungidwa mzere umodzi kutsika, wina kukwera, waya aliyense atagona pambali pa mnzake popanda kukwerana, poti kampata kaja kalibe malo a mfundo. Kumsonga amapala utoto wotchinga waya ndi lumo n'kuwotcherera mwachangu. Kumene kulibe magetsi chitsulo chowotcherera amachitenthetsa pa mbaula, ndipo chikapsa kwambiri chimaboola pepala lomwe wakhala akulisamala tsiku lonse. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe adatchuka pomanga makina amphepo opanga magetsi, adayambira pa ntchito yomweyi ali mnyamata, kumasula mawailesi a anthu ndi kulumikiza ndi waya wotenthetsa pamoto.

Mawailesi a mavalavu amafuna chenjezo lapadera. Ngakhale Saucepan Special inkayendera mavoti 90, ndipo olumikiza ku magetsi a m'nyumba amasunga mphamvu yoopsa m'makapasita ngakhale atazimitsidwa. Komanso wailesi yotere siyenera kuyatsidwa sipika itamasulidwa, chifukwa tharansifoma yomwe imadyetsa sipikayo ikhoza kupsa, ndipo imeneyo siipezeka pamsika uliwonse.

Funso lomwe mwini wailesi amafunsa ndi lomveka: bwanji osangogula sipika yatsopano pa Kamuzu Road ku Salima n'kuikamo? Masipika otsika mtengo adzaza m'misika, ndipo kusintha ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Koma sipika yakale idapangidwa kuti ilire mokweza ndi mphamvu yochepa ya miyala, n'chifukwa chake pepala lake ndi lopepuka chotero. Masipika ambiri a lero, makamaka a m'galimoto ndi a m'mabokosi a zoimbira, ndi olemera ndipo amafuna ampulifaya yamphamvu. Mukaika yotere m'wailesi ya Nzeru mawu amatsika, miyala n'kumatha msanga. Maomu akachepa poyerekeza ndi a poyamba, mathiranzisita otulutsa mawu akhoza kutentha mpaka kupsa. Kuwonjezera apo mabowo a zomangira sagwirizana, ndiye wina amatenga msomali wamoto n'kuboola bokosi lomwe lapirira zaka makumi asanu. Ine ndimaona kuti sipika yoyambirira ikakhala yochizika, kuichotsa n'kulakwira wailesiyo.

Cholepheretsa chachikulu ndi malipiro. Kukulunga koyilo kumadya tsiku lathunthu, pomwe tsiku lomwelo mmisiri akhoza kusintha magalasi a mafoni angapo n'kupeza ya ndiwo ndi ya sopo. Achinyamata ophunzira ntchito za manja lero akuthamangira mafoni, masola ndi masabuufa, ndipo palibe angawadzudzule. Amene amadziwa kumata pepala la sipika ndi achikulire omwe maso ayamba kuwavuta. Uku ogula zitsulo zakutha akuzungulira m'midzi ndi sikelo zawo, ndipo ana amaswa masipika kuti atenge maginito oseweretsa. Amene akufuna kuti wailesi ya bambo ake ilankhulenso avomere kulipira ntchito ya tsiku lonse, osati kunenerera ngati akugula tomato, ndipo aipereke msanga amisiriwo akadalipo.

Patsala vuto limodzi lomwe guluu sangalithetse. Mawailesi akalewa adapangidwira shotiwevu ndi midiyamuwevu, pomwe nyumba zoulutsira mawu za m'dziko muno, kuyambira MBC mpaka Zodiak ndi mawailesi a m'madera, zimamveka pa FM. Wailesi yochira bwinobwino ikhoza kungogwira masiteshoni akunja usiku, masana n'kumangoti phwii. Njira yomwe amisiri ena amatsata ndi kuika m'katimo kabolodi kakang'ono ka FM kokhala ndi polowetsa memori khadi, mawu ake n'kuwalowetsa pa kabatani kokwezera mawu kuti adutse mu ampulifaya ndi sipika zoyambirira. Zimatheka popanda kuboola kapena kudula chilichonse: kabolodiko kamamangidwa pa zomangira zomwe zilipo kale, waya wa mlongoti n'kutulukira pa bowo la kumbuyo. Chipangizo chilichonse chomwe chachotsedwa achikulunge m'kapepala ka pulasitiki n'kuchimangirira m'kati mwa bokosi momwemo, pamodzi ndi kakalata konena chomwe chasinthidwa ndi chaka chake, kuti mmisiri wodzatsegula pambuyo pake adzadziwe poyambira.