MBIRI YA WAMALONDA TSOPANO IYENDA PA LAMYA

Munthu aliyense amene ayenda pa mseu waukulu wa M1, kuchokera ku Blantyre kunka ku Lilongwe, adziwa malo a Phalula. Akaoloka mtsinje wa Shire pa Zalewa, asanafike pa mphambano ya Chingeni, basi iima pang'ono ndipo amalonda athamangira ku mazenera ndi katundu wao. Malowa ali m'boma la Balaka, limene linapatulidwa ku boma la Machinga m'chaka cha 1998. Ndi dziko louma, la malambe, thonje ndi mbuzi, ndipo mabanja ambiri kumeneko adalira ndalama za apaulendo kuti agule ufa ndi kulipirira ana sukulu.

Kale wamalonda wa pa mseu anali ndi ogula a mitundu iwiri. Oyamba anali anansi ache, amene sakanatha kuwanyenga popeza anakomana nao ku maliro, ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Achiwiri anali apaulendo, amene ena anawayesa mame, oti sachedwa kukamuka. Wapaulendo akagula nyama yogonetsa kapena thumba la makala lodzala nthambi ndi pfumbi pansi pache, anazindikira atafika kutali, ndipo dandaulo lache linathera m'basi momwemo. Masiku amenewo apita, pakuti lamya ya m'manja yasandutsa wapaulendo kukhala mnansi.

ULENDO WA MAU

Tiyeni tione m'mene mbiri iyendera lero. Munthu akakhumudwa ndi chimene wagula, achijambula ndi lamya yache natumiza chithunzicho ku gulu la WhatsApp la abale, la kunchito kapena la mpingo. Amene sadziwa kulemba angolankhula, mau ache napita momwemo. Basi isanafike ku Ntcheu, nkhani yafika kale ku Mzuzu ndi ku Johannesburg. Oyendetsa magalimoto akuluakulu ochokera ku chipata cha Mwanza nao auzana pa lamya malo amene nsima ili yabwino, ogona ali aukhondo, ndi amene katundu asowa usiku.

Pa mapu a Google, munthu aliyense akhoza kulembapo dzina la sitolo kapena nyumba yogona alendo, ndi kuipatsa nyenyezi kuyambira 1 kufikira 5. Mwini malo angathe kukhala zaka zambiri osadziwa kuti alendo ali kumlambalala chifukwa cha mau amene wina analemba kalekale. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo wa pa intaneti sufafanizika msanga ai, ndipo uwerengedwa ndi anthu amene mwini sitolo sadzaonana nao konse.

NAMBALA NDIYO CHIKWANGWANI

Chinthu china chatsopano ndi chakuti dzina la bizinesi lili pa nambala ya lamya. Kampani ya Airtel inayamba nchito ya Airtel Money m'dziko muno m'chaka cha 2012, ndipo TNM inatsatira ndi Mpamba mu 2013. Kuyambira 2018 nambala iliyonse iyenera kulembetsedwa m'dzina la mwini wache. Chifukwa chache wogula wa ku Limbe amene afuna mbuzi kapena matumba a nandolo atumiza ndalama asanaone katundu, pokhulupirira nambala imene mnzache anampatsa.

Wamalonda wosinthasintha manambala ataya chuma chimenechi, popeza ogula akale amsowa ndipo atsopano amkayikira. Wamalonda wanzeru asunga nambala imodzi, ailemba pa khoma la sitolo, ndipo aonetsetsa kuti dzina limene lituluka polipira ndi lomwelo limene anthu amdziwa nalo. Ena agwiritsa nchito WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018, yopatsa mwini malonda malo oikapo zithunzi za katundu, mitengo ndi nthawi yotsegulira.

Pali bvuto limodzi loopsa. Mbala zitenga dzina ndi zithunzi za sitolo yodziwika, zitsegula tsamba pa Facebook, zilandira ndalama za anthu, kenaka zizimitsa lamya. Obedwawo atukwana mwini sitolo weniweni amene sadziwa kanthu. Zotere zikachitika, mwini malonda asachedwe kuuza ogula ache onse nambala yache yeniyeni, ndi kukanena ku polisi ndi ku kampani ya lamya tsiku lomwelo.

KUYANKHA WODANDAULA

Makampani akuluakulu a maiko ena alemba anthu nchito yongowerenga zimene ogula anena ndi kuwayankha. Wa kantini pa Phalula alibe ndalama zotere, koma nzeru yache ndi yomweyo. Dandaulo likaonekera pagulu, owerenga ambiri sayang'ana kwenikweni cholakwacho. Ayang'ana m'mene mwini malonda ayankhira. Wobweza chipongwe aonjezera nkhuni pa moto. Wongokhala chete ayesedwa wobvomera mlandu. Koma amene ayankha msanga ndi ulemu, nafunsa tsiku ndi katundu amene anagulidwa, nabweza ndalama ngati cholakwa chilipo, kawirikawiri apeza ogula atsopano mwa omwe anaonerera. Wakutsina khutu ndi mnansi: dandaulo loona liulula chimene mnyamata wa pa kauntala achita mwini wache akachoka.

Ena agwa m'chiyeso chogula mbiri. Apempha abale kapena alipira achinyamata kuti alembe matamando abodza, kapenanso kuti anyoze sitolo ya mnzao. Masiku ano kuli ngakhale makompyuta otha kulemba matamando ambirimbiri onga olembedwa ndi anthu. Chinyengo chimenechi chakula kotero kuti boma la America linachiletsa mu 2024, ndipo ku Britain lamulo lochiletsa linayamba kugwira nchito mu 2025. Pa malo aang'ono monga Phalula bodza lotere silikhalitsa, popeza wogula akafika aona yekha ndi maso.

ZIMENE LAMULO LINENA

Awerengi athu adziwe kuti Boma linaika malamulo oteteza mbali zonse ziwiri. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 liletsa kuzunza kapena kuopseza munthu pa intaneti, ndipo bungwe la MACRA ndilo liyang'anira nchito za mauthenga. Lamulo la Data Protection la 2024 liteteza zinsinsi za munthu. Motero wamalonda amene aika pagulu chithunzi ndi nambala ya wangongole kuti amchititse manyazi angathe kudzipalira mlandu, kuonjezera pa kuthawitsa ogula ena.

Wogula naye ali ndi kothawira. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission lilandira madandaulo a anthu onyengedwa pa malonda, ndipo lamulo latsopano la 2024 linalipatsa mphamvu zolipitsa chindapusa. Za masikelo ndi miyeso ayang'anira ndi a Malawi Bureau of Standards. Wamalonda amene wanamiziridwa dala akhoza kukasuma ku bwalo la milandu kuti alipidwe, koma milandu idya nthawi ndi ndalama, ndipo ngakhale woipambana sabweza mau amene anafalikira kale.

DZINA LA ONSE

Mfundo yaikulu kwa anthu a Phalula ndi iyi: wapaulendo sasunga dzina la amene anamgulitsa pa zenera la basi. Akamanena, angoti, ndinagula pa Phalula. Munthu mmodzi wochita chinyengo aipitsa dzina la msika wonse, ndipo mai wokhulupirika amene agulitsa pambali pache alipira nao mlandu umene sanapalamule. Oyendetsa mabasi akamva madandaulo kawirikawiri, asankha kukaima pena, ndipo msika wa pa mseu umene magalimoto saimapo wafa.

Nchifukwa chache nchito yosunga mbiri siyenera kusiyidwa kwa munthu payekha. Komiti ya msika, mafumu ndi khonsolo ya Balaka akhoza kugwirizana pa zinthu zosafuna ndalama zambiri: nambala imodzi yodziwika yolandirira madandaulo a apaulendo, miyeso yofanana kwa onse, ukhondo pa malo ootchera nyama, ndi chilango cha pamsika kwa wonyenga alendo. Achinyamata odziwa lamya athandize makolo ao kuona zimene zilembedwa za malonda ao ndi kuyankha mwaulemu.

Sikelo yoona, chenji chokwanira ndi chakudya chatsopano ndizo zinasunga amalonda a kale, ndipo ndizo zidzasunga a lero. Chimene chasintha ndi chakuti mboni zachuluka, ndipo aliyense wokhala pa zenera la basi ali ndi lamya m'thumba.