Konkire yodinda siifuna Cobra

Kuno ku Area 18 maiwe osambiramo ngowerengeka. Ambiri ali ku Area 10, ku Area 43 ndi m'malo ogona alendo. Koma konkire yodinda imene timayala m'mbali mwa maiwewo ndi yomweyo imene anthu ayamba kuika pakhonde ndi polowera galimoto m'nyumba zakale za Malawi Housing Corporation zimene akuzikonzanso.

Woiona koyamba amayesa miyala yosema. Ayi ndithu, ndi simenti, mchenga ndi kwale basi. Ikadali yofewa timawaza utoto wa ufa pamwamba, n'kudinda ndi zidindo za labala. Chimene chimatulutsa kuwala kuja ndi sealer, mankhwala onga vanishi amene timapaka pomaliza kuti atseke timabowo ta konkire. Popanda sealer, fumbi lofiira la mu Lilongwe muno limalowerera, ndipo madzi a klorini ochokera m'dziwe amasuwitsa mtundu.

Ntchito zambiri zimene ndimaitanidwa kukakonza zinaonongeka ndi phuma. Konkire yatsopano imafunika masiku 28 isanapakidwe, koma mwini nyumba amati: "Amisiri, Loweruka kuli chinkhoswe, pakanitu." Mukapaka chinyezi chili m'kati, chimasowa potulukira, ndiye pakapita masiku pamwamba ponse pamayera mbuu. Kuyesa kwake nkosavuta. Matani pepala la pulasitiki pansi ndi tepi madzulo, mawa lake mulitukule. Mukapeza thukuta kunsi kwake, dikirani kaye. Nchifukwa chake ine ntchito imeneyi sindiilola kuyambira Disembala mpaka Malichi, ngakhale ndalama itaoneka.

Dzuwa nalo lili ndi zake. Masana a mu Okutobala pamwamba pamauma msanga, mpweya n'kutsekeredwa m'kati, ndiye pamatuluka timatuza. Pakani cham'mawa mame atauma, kapena dzuwa litapendeka, tsiku lopanda mphepo ya fumbi. Ndipo pakani mopyapyala kawiri ndi rola. Wina amathira mothithikiza poganiza kuti ikhalitsa, koma yoteroyo ndi imene imayamba kusupuka. Ngati sealer yayera kale ndipo ndi ya acrylic yosungunulira mankhwala, osati madzi, nthawi zambiri xylene amaifewetsa chinyezi n'kutuluka. Ameneyo asiyireni odziwa, sachedwa kugwira moto ndipo fungo lake limazunguza mutu.

M'mbali mwa dziwe musaiwale ufa woletsa kuterera wosakaniza mu sealer popaka kachiwiri. Ana amathamanga mapazi ali onyowa.

Tsono za polishi wa Cobra. Tinakula tikuona khonde lofiira likupakidwa polishi m'mawa uliwonse, ndipo amayi ambiri dzanja limawayabwa akaona pansi payamba kuzimirira. Chonde mayi, pakonkire yodinda ayi. Polishi amaterera pakagwa madzi, amadzaza m'mizere ya chidindo, ndipo tsiku lodzapakanso sealer yatsopano siigwira mpaka titapala phula lonselo, ntchito yodula kuposa kupaka kumene. Tsache, madzi ndi sopo pang'ono zakwana. Asidi wa m'dziwe kapena klorini wa HTH akatayikira pansi, tsukani pompo ndi madzi ambiri.

Kupakanso kumabwera pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, malinga ndi dzuwa ndi mapazi opondapo. Musawerenge kalendala yokha. Donthezani madzi pang'ono pamalo opondedwa kwambiri: akaundana timadontho, sealer ikadalipo. Akalowa pansi n'kusiya banga lakuda, yambani kufunsa mitengo mvula isanafike.