Mafulashi afeki adanitsa obena nyimbo ndi owapikulitsa ku Mchinji

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, geni ya mafulashi ndi mamemore ku Mchinji siikuyendanso ngati kale. Obena nyimbo ena amaodabe ku Lilongwe, ena amawoloka pa Mwami kukafunsa mitengo ku Chipata, koma ambiri agwira mwendo amalonda oyenda ndi zikwama, omwe amasiya katundu pa ngongole.

Pa Kamwendo pali kashopu kena kothina, sipika ili pakhomo, mamemore atapachikidwa pa chingwe pamwamba pa kompyuta yafumbi. Pansi pa tebulo, mnyamata wapamenepo amasunga chitini cha mkaka, ndipo m'menemo mumagwera fulashi iliyonse yomwe kasitomala wabweza. Tsiku lina anabwera wa kabaza, nkhope ili gwa. Anali atagula fulashi yolembedwa 64GB, n'kuikitsa kanema wa ukwati wa mlongo wake pamodzi ndi nyimbo zauzimu. Nyimbo zoyamba zinalira bwinobwino. Kanemayo anakana kutseguka. Mnyamatayo sanachite makani: anabweza ndalama, chitini n'kulandira mlendo wina.

Chinyengo chake n'chakuti kachipangizo kam'kati kamakhala kakang'ono, mwina 8GB, koma kanakonzedwa kuti kaziuza kompyuta kuti ndi 64GB. Malo enieniwo akadzaza, mayina a mafayilo amaonekabe, zam'kati mulibe.

Nanga aluze ndani? Apa ndiye pagona mkangano. Wamalonda amene amapikulitsa mnyamatayu akuti nayenso amalandira katundu ali womata kuchokera ku Dar es Salaam, choncho paketi yong'ambidwa salandira, ndipo amaloza chala mavairasi a m'makompyuta a anyamatawa. Mnyamata uja akuti vairasi imachoka ukafomata, koma malo omwe kulibe sungawafomate. Apa mnyamatayu akunena zoona. Komabe sangamutaye mkuluyo, poti ndi yekhayo amene amalola kulipira katundu akatha, ndipo akati aziitanitsa zenizeni zodula, woyandikana naye amutengera makasitomala ndi mtengo wotsika. Kuyesa fulashi kumafuna kuidzaza yonse n'kutsegulanso zomwe waikamo, ntchito ya maola angapo, magetsi akalola.

Achinyamata a mafoni akuluakulu masiku ano amangotumizirana nyimbo pa WhatsApp. Omwe akugulabe mamemore ndi a mafoni a mabatani ndi mawailesi a sola, makamaka alimi akagulitsa mtedza ndi soya.