KOMPYUTA NAYO IMADZIŴA KUDIKIRA

M'makomo ena masiku ano muli kompyuta ya patebulo, imene ana amalemberapo ntchito ya kusukulu, makolo nasungiramo maŵerengero a malonda ao. Koma magetsi akazima ndi kubweranso, ambiri a ife timathamangira kudina mabatani. Tiyeni tione zimene zimachitika m'kati mwa makinawo, kuti tingaononge chuma chathu ndi manja athu omwe.

Magetsi a m'nyumba zathu kuno ku Malaŵi ndi a mavolti 230, ndipo mphamvu yotere ingathe kupsereza tizipangizo ta kompyuta nthaŵi yomweyo. Chifukwa chake m'katimo muli kabokosi kachitsulo, kamene amisiri amakatcha power supply. Ntchito yake ndiyo kutsitsa mphamvuyo kufika pa mavolti 12, 5 ndi 3.3, ndi kuipereka ku bolodi lalikulu pamene pali purosesa, ubongo wa makinawo. Dongosolo limeneli, lotchedwa ATX, lidakhazikitsidwa ndi kampani ya Intel m'chaka cha 1995.

Mwa mawaya 24 olumikiza kabokosiko ndi bolodi, atatu ndiwo tiyenera kuwadziŵa. Waya wa mtundu wa pepo sugona: umapereka mavolti 5 ngakhale kompyuta ili yozima, malinga pulagi ili ku khoma. Tikadina batani, bolodi limadzutsa kabokosiko kudzera pa waya wobiriŵira. Komabe purosesa siyamba ntchito pompo ai. Bolodi limaiimitsa kufikira waya wotuwa utapereka chizindikiro chakuti mphamvu yakhazikika, ndipo kudikiraku sikupitirira theka la sekondi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Makinawa adapangidwa motsata nzeru yomweyo, pakuti purosesa yogwira ntchito pa mphamvu yoperewera ingalembe zolakwika ndi kusokoneza zimene tidasunga.

Magetsi akaphethira, kabokosiko kamapirira kanthaŵi kochepa zedi, pafupifupi magawo 16 mwa magawo 1,000 a sekondi. Kupyola apo chizindikiro chija chimachoka, purosesa niimitsidwa. Tsono kompyuta imene imangozima ndi kuyakanso yokha kaŵirikaŵiri siili ndi ziŵanda. Nthaŵi zambiri vuto ndi magetsi ofooka kapena kabokosi kotopa.

Nanga batani la reset? Ilo silizimitsa magetsi, koma limauza purosesa kuti iyambirenso pachiyambi. Zonse zimene sitidasunge zimatayika, ngakhale zikhale masamba khumi a mwana wokonzekera mayeso. Kukanikiza batani loyatsira kwa masekondi 4 kumazimitsa makina mokakamiza, ndipo zotsatira zake n'zomwezo. Njira ziŵirizi tizizitsata pokhapokha makina akaumiratu.

Choncho, aŵerengi athu okondedwa, magetsi akazima tizule pulagi, ndipo akabwera tidikire pang'ono kufikira mababu ataleka kuphethira. Tipemphe mmisiri atikonzere mu BIOS kuti kompyuta isamadziyatse yokha magetsi akabwerera. Amene angathe agule UPS, batire limene limapatsa munthu mphindi zingapo zosungira ntchito yake. Tisanakhudze china chilichonse m'kati tizule pulagi, pokumbukira waya wosagona uja. Koposa zonse, tiwachenjeze ana kuti kabokosi kachitsulo kaja sikatsekulidwa ndi munthu wamba, pakuti kamasunga mphamvu yoopsa ngakhale pulagi itazulidwa.