Laputopu ikagona, amaidzutsa ndani?

Magetsi akathima ku Nkhoma, wophunzira wa payunivesite amangotseka chivindikiro cha laputopu n'kunyamuka. Chimodzimodzinso otayipa makalata pa Mitundu ndi pa Nathenje. Akabwerako n'kupeza batire latha, ntchito yomwe sanasunge yapita.

Kutseka chivindikiro nthawi zambiri kumaigoneka tulo totchedwa sleep. Zonse zomwe munatsegula zimatsala mu RAM, ndipo RAM imakumbukira pokhapokha ngati moto ukulowa. Malaputopu ambiri kuno timagula ogwiritsidwa kale ntchito, mabatire ake otopa, choncho tulo timeneti n'tosadalirika.

Hibernate ndi tulo ta mtundu wina. Kernel, phata la Windows kapena Linux, imayamba yaimitsa mapulogalamu onse, kenako imauza Wi-Fi, sikirini ndi madoko a USB kuti zipume. Ikatero imalemba zonse za mu RAM pa disiki: Windows mu fayilo ya hiberfil.sys, Linux mu swap. Pomaliza imazimitsa makina motsatira malangizo a firmware, kapulogalamu komwe opanga anaika m'bolodi, komwe ambiri timati BIOS. Kernel ndi firmware zimamvana kudzera mu ACPI, ndondomeko yomwe Intel, Microsoft ndi Toshiba anatulutsa mu 1996. M'ndondomekoyi sleep yachikale ndi S3, hibernate ndi S4. Pa S4 ngakhale batire lithe, zomwe zili pa disiki sizifufutika.

Pomwe pamavuta ndi podzuka. Firmware ndiyo imayamba, ngati kuti makina akuyaka koyamba. Kernel imabwera pambuyo, n'kubwezera zonse mu RAM, pamalo penipeni pomwe zinali. Wokonza makompyuta akawonjezera RAM makina ali mu hibernate, malowo sagwirizananso, ndipo kernel ikhoza kukana zomwe inasungazo n'kuyamba mwatsopano. Sikirini yakuda kapena Wi-Fi yosowa podzuka nthawi zina ndi vuto la firmware, makamaka pa Linux, poti opanga ambiri amayesera makina awo pa Windows.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012, Shut down nayonso kawirikawiri siizimitsiratu. Njira yotchedwa Fast Startup imatseka mapulogalamu anu, koma kernel imaisunga pa disiki kuti makina ayake msanga. Vuto la dzulo la printa limadzuka nayo limodzi. Yoyambiratu mwatsopano ndi Restart, ndipo n'chifukwa chake okonza odziwa ntchito amayamba ayesa imeneyo asanamasule sikulu ndi imodzi yomwe.